Kalasi ya pansi pa mlambe: mafunso ndi mayankho pa ulendo wa ana a sukulu ku paki ya Liwonde

Sukulu ikakonza ulendo wa tsiku limodzi wokaona nyama zakutchire, kawirikawiri wotsogolera amakhala mphunzitsi wa sayansi kapena woyang'anira kalabu ya zachilengedwe. Mphunzitsi wa Chingerezi ndi wa Chichewa amatsala, ndipo akapita nawo ntchito yawo imangokhala yowerenga ana pokwera ndi potsika basi. Apa ndiye timataya mwayi waukulu. Mwana amene m'kalasi amangoti duu, akaona njovu ikuwoloka msewu patsogolo pa basi, pakamwa pake pamatseguka pokha. M'munsimu tayankha mafunso amene makolo, aphunzitsi ndi a komiti ya sukulu angakhale nawo pa ulendo wotere. Chitsanzo chathu ndi paki ya Liwonde, koma zambiri zitha kugwira ntchito ku paki ina iliyonse.

Kodi kukaona nyama kukukhudzana bwanji ndi phunziro la chiyankhulo?

Munthu amayankhula akakhala ndi nkhani, ndiponso akakhala ndi woti amuuze nkhaniyo. M'makalasi athu ambiri ana amadzaza mpaka pakhomo, moti mphunzitsi sangathe kupatsa aliyense mpata. Mwana atha kumaliza sabata yathunthu asananenepo chiganizo chakechake cha Chingerezi. Chimene amachita ndi kubwereza pamodzi ndi anzake zimene aphunzitsi anena, kapena kukopera za pabolodi. Mawu otere amalowa m'kope, koma m'mutu sakhalitsa.

Kupaki zinthu zimatembenuka. Mvuu ikayasamula m'madzi, mwana amafuna kudziwa kuti mano amenewo imachita nawo chiyani pamene chakudya chake ndi udzu. Funsolo lachokera mwa iye mwini, ndipo wodziwa yankho ali pomwepo. Maluso onse anayi amene silabasi imafuna amapezeka tsiku lomwelo: kumva pamene mlonda wa nyama akufotokoza, kuyankhula pofunsa ndi pouza anzake, kuwerenga zikwangwani ndi malamulo a pachipata, komanso kulemba zimene waona. Tisaiwale kuti wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Mpata uliwonse woti mwana achigwiritse ntchito pa zinthu zooneka ndi maso ndi wofunika kuugwiritsitsa.

Bwanji mwasankha Liwonde?

Paki ya Liwonde inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Ili m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa nyanja ya Malombe, ndipo gawo lake lalikulu lili m'boma la Machinga. Kuyambira mu 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Chipata chake chakummwera chili pafupi ndi tauni ya Liwonde, yomwe ili pamsewu waukulu wa tara, choncho sukulu za ku Machinga, Balaka, Zomba, Mangochi ngakhalenso Blantyre zitha kupita ndi kubwerera kunja kusanade.

Nyama zake sizivuta kuziona, makamaka kumadambo a m'mbali mwa mtsinje. Kuli njovu, mvuu, ng'ona, njati, mphalapala, ngoma, nswala, nakodzwe, njiri ndi anyani. Mbalame ziliko za mitundu yoposa 400, kuphatikizapo nkhwazi yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Mitengo ya tsanya, milambe ndi migwalangwa ili ponseponse.

Koma chimene chingakope kwambiri mphunzitsi wa chiyankhulo ndi mbiri ya pakiyi. Inafika poipa, misampha ya waya ili mbwee ndipo nyama zina zitatheratu. Kenako zinayamba kubwezeretsedwa: mu 2017 kunabwera nyama zaliwiro zija zotchedwa cheetah, mu 2018 mikango, mu 2019 zipembere 17 zochokera ku South Africa, ndipo mu 2021 mimbulu. Njovu zinaswana mpaka malo kuchepa. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Nkhani iliyonse mwa zimenezi ili ndi chaka, chiwerengero, chifukwa ndi zotsatira. Izi ndi zomwe mwana amasowa akauzidwa kuti alembe lipoti.

Chenjezo limodzi lokha: musalonjeze ana kuti akaona mkango kapena chipembere. Nyama zimenezi zimabisala, ndipo mwana wolonjezedwa mkango amabwerako wokhumudwa ngakhale ataona njovu zambirimbiri.

Nanga sukulu zakutali ndi Liwonde zipite kuti?

Dziko lino lili ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Lake Malawi, Liwonde ndi Lengwe. Palinso malo anayi otetezera nyama, omwe ndi Vwaza Marsh, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Ana a ku Rumphi ali pafupi ndi mbidzi ndi ntchefu za ku Nyika komanso mvuu za panyanja ya Kazuni ku Vwaza. A ku Chikwawa ndi Nsanje ali ndi Majete, Lengwe ndi Mwabvi. A ku Monkey Bay angapite ku Cape Maclear kukaona timbuna, tinsomba tamawangamawanga tomwe tinathandiza kuti bungwe la UNESCO liike paki ya Lake Malawi pamndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi mu 1984. Sankhani malo oyandikira. Ulendo umene nthawi yake yambiri yathera pamsewu umabweza ana otopa ndi makope opanda kanthu.

Kodi tsikulo ana aziyankhula Chingerezi chokhachokha?

Ayi. Sukulu zina zili ndi lamulo loti wopezeka akuyankhula chiyankhulo cha makolo ake apatsidwe chibalo. Lamulo limenelo mukapita nalo kupaki, basi yonse idzangoti zii, ndipo ulendo udzataya cholinga chake. Mwana akaona njovu koyamba amafuula m'chiyankhulo chimene anayamwira. Musiyeni afuule. Chidwi chimenecho ndicho mudzagwirirepo pomufunsa kuti, "Tsopano uwauze anzako m'Chingerezi zimene njovuyo ikuchita."

Njira yabwino ndi yogawa nthawi. Pakhale zigawo zodziwika za Chingerezi, monga pofunsa mafunso kwa woperekeza alendo ndi popereka malipoti a magulu. Pakhalenso zigawo za Chichewa, monga pofotokoza nthano, miyambi ndi maganizo ozama. Ana adziwiretu kuti nthawi ino ndi ya chiyani. Midzi yambiri yozungulira paki ya Liwonde imayankhula Chiyao, ndipo m'kalasi mungakhalenso ana odziwa Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka. Afunseni mayina a nyama ndi mitengo m'ziyankhulo zawo. Mwana amene amakhala kumbuyo chifukwa Chingerezi chimamuvuta, tsiku limenelo ndi amene adzaphunzitse anzake, ndipo akalimba mtima m'chiyankhulo chake amayamba kuyesanso chinacho.

Kukonzekera kuyambe liti, ndipo kuchitike motani?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Yambani masabata atatu kapena anayi ulendo usanafike, ndipo ntchito iliyonse yokonzekera ikhale phunziro. Kalata yopempha malo ku ofesi ya paki alembe ndi ana eni ake. Gulu lililonse lilembe yake, kalasi isankhe yabwino, aphunzitsi aakulu asainire, itumizidwe. Ana ambiri alembapo makalata a ntchito m'makope mwawo, koma sanaonepo kalata yawo ikuyankhidwa. Yankho likabwera, liwerengedwe pamaso pa kalasi yonse.

Kenako sankhani mawu ochepa amene ana akakumane nawo, osapitirira makumi awiri kapena atatu: mayina a nyama, ziwalo zake monga chitamba, minyanga, nyanga ndi ziboda, ndi aneni ofotokoza zochita zake monga kudya msipu, kusambira, kubisala ndi kuothera dzuwa. Mawuwa alembedwe papepala lalikulu la pakhoma m'ziyankhulo zonse ziwiri, pambali pa zithunzi zojambula anawo.

Chachitatu ndi kupanga mafunso, ndipo apa mpofunika kuchedwapo. Kufunsa m'Chingerezi kumavuta ana athu kuposa kuyankha, chifukwa m'kalasi wofunsa amakhala mphunzitsi nthawi zonse. Mwana aliyense akonze mafunso awiri, awalembe, akonzedwe, ndipo awayeserere ndi mnzake amene akuchita ngati mlonda wa nyama. Pomaliza gawani ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Aliyense akhale ndi udindo: wofunsa, mlembi, wojambula, wosunga nthawi ndi wodzafotokozera kalasi. Maudindowa azisinthana masana kuti pasakhale wongoyenda nawo.

Za chilolezo, ndalama ndi galimoto zikhale bwanji?

Nkhani iyambire kwa aphunzitsi aakulu, ipite ku komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo alangizi a zamaphunziro a m'deralo adziwitsidwe. Kholo lililonse lisainire kalata yovomereza yolembedwa m'chiyankhulo chimene limamva bwino, yonena tsiku, malo, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ndalama zofunika komanso mayina a aphunzitsi operekeza. Ku ofesi ya paki funsani mtengo wolowera wa gulu la sukulu, chiwerengero cha ana chimene angalandire pa tsiku, ngati basi yanu ingaloledwe kuyenda m'misewu ya mkati, ndiponso ngati angakupatseni wokuperekezani. Amalawi amalipira ndalama yocheperapo poyerekeza ndi alendo ochokera kunja.

Ndalama yambiri imapita ku galimoto. Pezani basi kapena kosita ya mapepala okwanira, ya dalaivala wodziwika khalidwe lake, ndipo mwana aliyense akhale ndi mpando. Ana asakwezedwe palole. Ndalama zosonkha zilembedwe m'buku ndipo pobwerako makolo auzidwe mmene zayendera.

Mwana wosauka asatsale. Kalasi ikabwerako idzakhala masabata angapo ikulemba ndi kukamba za ulendowo, ndipo amene anatsala adzakhala akulangidwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha umphawi wa kwawo. Ndi bwino kuchedwetsa ulendo ndi teremu imodzi, kalasi ikugulitsa ndiwo za m'dimba la sukulu kapena kupempha thandizo kwa amene anaphunzira pasukulupo kale, kusiyana ndi kusiya ana ena pakhomo.

Nyengo yabwino yopitira ndi iti?

M'dzinja, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, udzu umatalika, nyama zimamwazikana ndipo misewu ina ya mkati imakhala yamatope. Kuyambira Meyi mpaka Julayi kunja kumazizira bwino ndipo misewu imauma, kungoti iyi ndi nyengonso ya mayeso a boma, choncho ndi yoyenera makalasi amene sakulemba. Mu Seputembala ndi Okutobala nyama zimasonkhana kumtsinje chifukwa madzi amasowa kwina, ndipo kuziona n'kosavuta, koma kutentha kwa ku Liwonde m'miyezi imeneyi n'koopsa. Mukasankha nthawi imeneyi, tengani madzi akumwa ochuluka m'zigubu ndipo masana ana akhale pamthunzi.

Tsiku lenilenilo liyende bwanji?

Nyamukani m'mamawa kwambiri, chifukwa nyama zimayendayenda dzuwa lisanatenthe. Phunziro liyambire m'basi momwemo: magulu aziwerenga zikwangwani za pamsewu ndi kulemba mayina a malo amene mwadutsa motsatana. Pachipata, mwana mmodzi alonjere ogwira ntchito ndi kufotokoza kumene mwachokera ndi chimene mwabwerera, ndipo wina awerenge malamulo a paki mokweza. Kum'mawa kukhale koyenda ndi galimoto kuona nyama, ana akulemba mwachidule. Masana, mukatha kudya kamba wanu pamalo ololedwa, ikhale nthawi yocheza ndi mlonda wa nyama komanso ya malipoti a magulu. Tulukani nthawi ikadalipo kuti mwana aliyense akafike pakhomo kusanade.

Musachulutse zolemba. Tsamba limodzi lokhala ndi mizere inayi likwanira: dzina la nyama, kumene inali, zimene inkachita ndi chimene chandidabwitsa. Mwana amene wapatsidwa mafunso ambirimbiri oti ayankhe amakhala maso ali papepala njovu ikudutsa.

Tipatseni zitsanzo za zochita za Chingerezi zimene zingatheke kutchire.

Choyamba ndi kuulutsa zimene zikuchitika, monga amachitira olengeza mpira pawailesi. Galimoto ikaima, mwana mmodzi anene motsitsa mawu ziganizo zitatu za zimene akuona pa nthawiyo. Pobwerera madzulo anenenso zomwezo m'nthawi yakale. Mwa njira imeneyi kusintha kwa aneni, komwe kumasokoneza ana ambiri pamayeso, kumamveka kopanda kuloweza.

Chachiwiri ndi aperekezi. M'Chichewa timadalira kwambiri pa, ku ndi mu, pamene Chingerezi chili ndi timawu tambiri tosonyeza malo, ndipo ana amatisokoneza. Kupaki zitsanzo zili paliponse: kakowa ali pamsana pa njati, mvuu yamira pansi pa madzi, mwana wa njovu ali pakati pa zazikulu, nyani wabisala kuseri kwa mlambe, nkhwazi ikuuluka pamwamba pa mtsinje. Mphunzitsi angofunsa kuti chakuti chili pati, ana n'kumayankha ndi ziganizo zathunthu.

Chachitatu ndi kuyerekeza: chachikulu n'chiti, chaliwiro n'chiti, choopsa kwambiri n'chiti, ndipo chifukwa chiyani. Funso lomalizali limabutsa mkangano wokoma, chifukwa ana a m'mbali mwa Shire amadziwa kuti mvuu ndi ng'ona zimavulaza anthu kuposa mkango umene anzawo a m'tauni amauopa.

Chachinayi ndi manambala. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22 ndipo yaikulu itha kudya makilogalamu 150 a masamba, udzu ndi makungwa pa tsiku. Mvuu itha kukhala pansi pa madzi mphindi zisanu isanatulutse mphuno, ndipo imatuluka usiku kukadya msipu. Ng'ona imaikira mazira mumchenga, ndipo kutentha kwa chisacho ndi kumene kumachititsa kuti ana akhale aamuna kapena aakazi. Musawauziretu ana zimenezi. Azipeze okha pofunsa, alembe manambalawo, akawanene molondola kwa anzawo.

Chachisanu ndi kucheza ndi wogwira ntchito mupaki. Anayamba bwanji ntchitoyi? Anaphunzira mpaka pati? Amadzuka nthawi yanji? Chinamuopsapo kwambiri n'chiyani? Mupempheretu kuti aziyankhula pang'onopang'ono ndi kubwereza m'Chichewa pamene ana asochera. Ana akamva Mmalawi mnzawo, mwina wa m'mudzi woyandikana ndi wawo, akusinthasintha ziyankhulo ziwiri mosavutika pa ntchito imene imamupatsa malipiro, amamvetsa okha chifukwa chophunzirira Chingerezi.

Chichewa ana amachidziwa kale. Akaphunzirako chiyani?

Zambiri. Funsani kalasi ya m'tauni kusiyana kwa mbawala, gwape, nswala ndi ngoma, mudzaona kuti kwa ambiri nyama iliyonse ya nyanga ndi gwape. Agogo awo ankadziwa nantchengwa, nang'omba, nkhwali ndi miimba pongomva kulira kapena kuona kaulukidwe. Mayina amenewa akutha chifukwa nyamazo zinachoka m'midzi yathu, ndipo paki ndi amodzi mwa malo ochepa kumene mwana angaone dzina ndi mwini dzinalo pamodzi.

Malamulo a chiyankhulo nawonso amaphweka. Magulu a mayina ndi agwirizanitsi ake amaoneka bwino pa nyama: mkango wagona, mikango yagona, chipembere chabisala, zipembere zabisala, nyani wakwera, anyani akwera, njovu imodzi yaima, njovu zitatu zaima. Ana apeze okha chifukwa chake nyani ndi fisi amatenga agwirizanitsi ofanana ndi a munthu pamene njovu ndi njati sizitero.

Pa mvekero, imitsani galimoto pamalo abwino, injini izimitsidwe, aliyense akhale chete mphindi zisanu akumvetsera ndi kuyang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako alembe zimene amva ndi kuona: mvuu inangoti vuu kutuluka m'madzi, ng'ona inati chubwi kuthawa, nswala zinati balala. Ziganizo zoterezi ndi zimene zimakometsa chimangirizo, ndipo mwana amene waonadi nswala zikubalalika saiwala mvekero wake.

Miyambi ndi nthano zathu zadzaza ndi nyama zomwezi. Mwana amene waona tiana ta ng'ona pamchenga adzamva mwatsopano mwambi woti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Nthano ya kalulu amene anakokanitsa chingwe njovu ndi mvuu imakoma kwambiri ikakambidwa nyama ziwirizo zili poonekera. Ulendo usanachitike, tumani mwana aliyense kwa agogo kapena wamkulu wina wa m'mudzi kuti akatenge mwambi, chilapi kapena nthano imodzi ya nyama. Potero makolo amene sanapite kusukulu amakhala nawo aphunzitsi a ulendowu.

Kodi ana athu sakavulala?

Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo yankho lake ndi malamulo osanyengerera. Palibe wotsika m'galimoto popanda chilolezo cha woperekeza. Mitu ndi manja zisatuluke pawindo. Pafupi ndi njovu, makamaka za ana, pasakhale phokoso. Palibe wopita m'mphepete mwa mtsinje kukasamba m'manja kapena kukatunga madzi, chifukwa ng'ona imabisala pamadzi ooneka odekha. Anyani ndi apusi asapatsidwe chakudya, chifukwa akazolowera amalanda ndi kuluma. Mapepala, majumbo ndi mabotolo zibwerere m'basi. Ngati pali ulendo wa paboti, likhale boti lovomerezeka ndi paki, aliyense avale jekete yoyandamitsa ndipo chiwerengero cha okwera chisapitirire.

Aphunzitsi awerenge ana paliponse pamene mwaima. Pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa gulu la amayi a pasukulu woyang'anira atsikana, atatenga zofunika za amene angakhale kumwezi. Dziwiranitu ana odwala mphumu kapena khunyu ndipo mankhwala awo akhale pafupi. Mwana wachialubino akhale ndi chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, ndipo akhale pamalo oonera bwino chifukwa maso ake saona patali. Kumalo kumene kuli kashembe, monga Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, pewani zovala zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa ntchentchezi. Malamulo onsewa ana awalembe okha m'Chingerezi ndi m'Chichewa asananyamuke, ndipo limenelo likhale phunziro la ziganizo zolamula.

Ana ena amachokera m'midzi imene njovu zimaononga mbewu. Kodi ulendowu sukawapweteka mtima?

Utha kuwapweteka ngati aphunzitsi akangolalikira za kukongola kwa nyama. Kwa mwana wa m'malire a paki, njovu ndi chilombo chimene chingathe munda wa chimanga usiku umodzi banja n'kugona ndi njala chaka chonse. Ena anataya abale awo kwa ng'ona kapena mvuu. Mpanda wamagetsi wozungulira pakiyi unachepetsa mavutowa, koma sunawathetseretu. Mwana wotere akauzidwa kuti alembe zoyamikira njovu zokhazokha, adzalemba zabodza, ndipo adzaphunzira kuti chiyankhulo cha kusukulu ndi chonenera zimene aphunzitsi akufuna kumva.

Mpatseni mpata anene zoona zake. Pamenepa mpamene pali phunziro lalikulu la tsikulo, lomwe ndi mtsutso. Gulu lina liyankhule m'malo mwa mlimi amene mbewu zake zadyedwa, lina m'malo mwa mlonda wa nyama amene amagona kutchire, lina m'malo mwa mfumu imene iyenera kumva mbali zonse. Akambirane za ntchito ndi ndalama zimene alendo amabweretsa, za njira zothamangitsira njovu monga tsabola ndi ming'oma ya njuchi, komanso za lamulo la nyama zakutchire lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka ndi mlandu waukulu atha kukhala kundende zaka 30. Mtsutsowu uyambe m'Chichewa kuti maganizo atuluke onse, kenako gulu lililonse lifupikitse mfundo zake zitatu m'Chingerezi. Kunena maganizo ako, kupereka chifukwa ndi kumvetsera wotsutsana nawe mwaulemu ndi luso limene mwana adzalifuna moyo wake wonse.

Mwana akalakwitsa poyankhula, timukonze pomwepo?

Musamudule pakamwa, makamaka pamaso pa mlendo. Mwana amene wasekedwa pa funso lake loyamba safunsanso lachiwiri. Ngati zimene wanena zamveka, yankho liperekedwe. Mphunzitsi angathe kubwereza chiganizocho molondola ngati akungotsimikiza, n'kulemba cholakwikacho m'kabuku kake. Zolakwika zimene zabwerezedwa ndi ana ambiri ndizo zidzakhale phunziro la sabata yotsatira, popanda kutchula amene analakwitsa. Pangananinso musananyamuke kuti palibe kuseka mnzako. Yang'anirani atsikana ndi ana amanyazi, chifukwa pagulu anyamata olimba mtima amalanda mafunso onse. Amanyazi ayambe kuyankhula awiriawiri, kenako m'kagulu kawo, asanaimirire pamaso pa onse. Akumbutseni kuti safunsa anadya phula.

Tikabwerako, ulendo watha?

Theka la phindu limabwera pambuyo pake, ndipo ntchito iyambe tsiku lotsatira zinthu zikadali m'maso. Kalata yothokoza ipite ku paki. Mwana aliyense alembe chimangirizo chake, ndipo mudzaona kuti ngakhale anakwera basi imodzi, nkhani zawo sizidzafanana. Magulu alembe malipoti okhala ndi zaka ndi manambala amene anatola. A kusekondale amasulire ndime imodzi ya lipoti lawo kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, n'kuifupikitsa. Kalasi yonse ipange kabuku ka mayina a nyama, mbalame ndi mitengo m'ziyankhulo zonse zimene zili m'kalasimo, kasungidwe kuti a chaka chamawa adzaonjezere. Zolemba zabwino zimatidwe pakhoma ngati nyuzipepala ya sukulu.

Musaiwale amene anasonkha ndalama. Pamsonkhano wa makolo ana afotokoze okha zimene anaona, achite kasewero ka mtsutso uja, awerenge ndakatulo zawo. Kholo limene lamva mwana wake akufotokoza mosadodoma silidzafunsanso ngati ulendowo unali wongokasewera.

Nanga sukulu imene singakwanitse n'komwe kulipira basi itani?

Iyambe ndi zimene zili pafupi. Ku Lilongwe kuli Lilongwe Wildlife Centre mkati mwenimweni mwa mzinda. Ku Blantyre kuli phiri la Michiru, ku Zomba kuli phiri ndi munda wa zomera zosiyanasiyana, ku Mulanje kuli mkungudza, mtengo wa fuko lathu. Kumudzi kuli dambo, mtsinje, phiri kapena nkhalango ya mfumu yofikika wapansi. Mbalame, agulugufe, zulu za chiswe ndi mitengo yachilengedwe n'zokwanira kuchitira zonse zimene tafotokozazi, ndipo gogo wodziwa mitengo ya mankhwala atha kukhala woperekeza wabwino. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe mbiri yake inayamba mu 1947, lakhala likugwira ntchito ndi makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndipo ndi pabwino kuyambira pofuna uphungu.

Aphunzitsi a Chingerezi ndi a Chichewa, musadikire kuitanidwa. Khalani pansi ndi anzanu a sayansi teremu ino, sankhani tsiku ndi malo, ndipo ana ayambe kulemba kalata. Makolo, kalata yopempha chilolezo ikafika, funsani mafunso onse amene muli nawo, mukakhutira sainani. Nyama za ku Liwonde ndi chuma cha ana a dziko lino, ndipo mwana aliyense ayenera kuziona ndi maso ake ndi kutha kuzifotokoza bwino m'chiyankhulo cha kwawo ndi m'Chingerezi asanamalize sukulu.